Mafunso ndi Mayankho Okhudza Gawo la Mbiri ya M'dera ndi Mapulogalamu Ake mu Laibulale ya Anthu Onse

Mafunso ali pansipa ndi amene amamveka kawirikawiri pa tebulo lolandirira alendo m'gawo losunga mbiri ya m'dera. Malamulo amasiyana pakati pa laibulale ina ndi inzake, choncho zimene talemba pano ndi zomwe zimachitika m'malo ambiri, ndipo wowerenga ayenera kufunsanso ku laibulale yakwawo asanapite.

Kodi gawo la mbiri ya m'dera ndi chiyani, ndipo mumapezekamo zotani?

Ndi chipinda, kapena nthawi zina kabati imodzi yokha, momwe laibulale imasungira zolembedwa, zojambulidwa ndi zomvera zonena za dera limene laibulaleyo ili. Mumapezeka nyuzipepala zakale za m'deralo, mapu, zithunzi, makalata, mabuku olembamo zokambirana za pa misonkhano ya mabungwe, timapepala toitanira anthu ku zochitika, mapulogalamu a maliro ndi maukwati, magazini a sukulu, komanso matepi a mawu a anthu achikulire. Zambiri mwa zimenezi sizinalembedwe ndi cholinga choti zikhale mbiri. Kapepala kolengeza msonkhano kanasindikizidwa kuti kagwire ntchito sabata imodzi kenako katayidwe, ndipo n'chifukwa chake patatha zaka 60 kamakhala kosowa kuposa buku lalikulu lomwe linasindikizidwa makope masauzande.

Nanga likusiyana bwanji ndi malo a boma osungira zolemba zakale kapena myuziyamu?

Malo a boma amasunga makamaka mafayilo a maofesi a boma ndi makhoti, ndipo amatero motsatira lamulo. Myuziyamu imasamala kwambiri za zinthu zogwirika monga zida, zovala ndi zosema. Laibulale imatolera zimene zimatsalira pakati pa awiriwa, zomwe ndi mapepala a mabanja, a masitolo, a makalabu a masewera ndi a magulu ang'onoang'ono amene alibe lamulo lowakakamiza kusunga kalikonse.

Ntchito imeneyi siyongowonjezera pa ntchito yobwereketsa mabuku. Chikalata cha UNESCO, nthambi ya bungwe la United Nations yoona za maphunziro, sayansi ndi chikhalidwe, chofotokoza udindo wa malaibulale a anthu onse, chomwe chinatuluka koyamba mu 1949 ndipo chinalembedwanso mu 2022 mogwirizana ndi IFLA, bungwe la malaibulale la padziko lonse, chimatchula kusunga chidziwitso ndi cholowa cha m'dera, kuphatikizapo mbiri yapakamwa, ngati umodzi mwa maudindo a laibulale.

Kodi ndiyenera kukhala wophunzira kwambiri kapena membala kuti ndiloledwe?

Ayi. M'malaibulale ambiri aliyense amaloledwa, ngakhale kuti angapemphedwe kulemba dzina lake m'kaundula wa alendo kapena kuonetsa chiphaso. Ndi bwino kudziwitsa ogwira ntchito pasadakhale, chifukwa zinthu zina zimakhala m'chipinda chotsekedwa ndipo kuzitulutsa kumatenga nthawi.

N'chifukwa chiyani sindingabwereke zinthuzi, ndipo bolopeni amaletsedweranji?

Buku wamba likatayika, laibulale ikhoza kugula lina, koma kalata yolembedwa pamanja ilipo imodzi yokha padziko lonse. Bolopeni amaletsedwa chifukwa inki ikadontha kapena kukhudza pepala sichoka, pamene zolemba za pensulo zimafufutika. Pa chifukwa chomwecho zakudya, zakumwa ndi zikwama zimasiyidwa kunja.

Ambiri amadabwa akaona kuti sapatsidwa magolovesi oyera ngati amene amaoneka pa wailesi yakanema. Akatswiri osamalira mapepala masiku ano amakonda manja osambidwa bwino ndi ouma, popeza magolovesi a thonje amachititsa kuti zala zisamve bwino pepala, ndipo munthu amang'amba ngodya ya tsamba osazindikira. Zithunzi ndi mafilimu ndiye zimafuna magolovesi, chifukwa mafuta a m'zala amasiya chidindo chosachoka pamwamba pake.

Ndayang'ana pa mashelufu koma sindikupeza chimene ndikufuna. Zinthuzi zimasanjidwa motani?

Mabuku amasanjidwa potengera mutu wa nkhani, nthawi zambiri motsatira manambala a Dewey, omwe amapatsa mutu uliwonse nambala yake, amene anayamba kugwiritsidwa ntchito mu 1876. Zolemba zakale sizisanjidwa choncho. Zimasungidwa pamodzi potengera kumene zinachokera, ndipo mapepala a munthu mmodzi kapena bungwe limodzi sasakanizidwa ndi a wina ngakhale akunena nkhani yofanana. Mfundo imeneyi inakhazikitsidwa ku France mu 1841 ndipo inafalikira m'mayiko ambiri. Cholinga chake n'chakuti pepala limamveka bwino likakhala pakati pa anzake. Lisiti ya njerwa payokha ilibe tanthauzo, koma ikapezeka m'fayilo ya komiti ya sukulu, pafupi ndi kalata yopempha malo, imaonetsa chaka chimene chipinda choyamba chinamangidwa.

Choncho m'malo mofunsa kuti "muli ndi chiyani chokhudza kusefukira kwa madzi", zimathandiza kudzifunsa kuti ndani akanalemba za nkhaniyo pa nthawiyo: nyuzipepala, khonsolo, mpingo, sukulu kapena gulu lothandiza anthu. Gulu lililonse la mapepala limakhala ndi mndandanda wofotokoza zimene zili m'bokosi lililonse, ndipo kawirikawiri mndandandawo umatchula mafayilo, osati tsamba lililonse. Dzina limene mukulifuna likhoza kukhala m'kati mwa fayilo koma osaoneka pa mndandanda.

Ndikufuna kufufuza za makolo anga. Ndiyambire pati?

Yambirani kunyumba, osati ku laibulale. Lembani zimene mukudziwa za inuyo, makolo anu ndi agogo anu, kenako muzibwerera m'mbuyo m'badwo umodziumodzi popanda kudumpha. Amene amayambira pa munthu wotchuka wa dzina lofanana ndi lawo n'kumayesa kutsika mpaka kudzifikira okha nthawi zambiri amathera m'banja la eni. Funsani achibale achikulire mayina onse amene munthu ankadziwika nawo, malo amene anakhalako ndi ntchito imene ankagwira, popeza m'zolemba zakale dzina limodzi limalembedwa mosiyanasiyana malinga ndi mmene kalaliki analimvera.

Mukafika ku laibulale, ogwira ntchito adzakulozerani makaundula a mipingo, a sukulu ndi a manda, zidziwitso za maliro m'nyuzipepala, ndi mapu. Dziwaninso kuti zolemba za kalembera wa anthu zimatsekedwa kwa zaka zambiri pofuna kuteteza zinsinsi za amoyo. Ku United States zimatsegulidwa patatha zaka 72, moti za 1950 zinatuluka mu 2022, pamene ku England ndi Wales zimadikira zaka 100, ndipo za 1921 zinatulukanso m'chaka chomwecho cha 2022.

N'chifukwa chiyani mumandipatsa maikolofilimu m'malo mwa nyuzipepala yeniyeniyo?

Kale mapepala ankapangidwa kuchokera ku nsanza za thonje ndi bafuta, ndipo ankakhalitsa. Kuyambira cha m'ma 1850 mafakitale anayamba kugwiritsa ntchito mitengo yopera, ndipo pepala lotero limakhala ndi asidi amene amalidya pang'onopang'ono. Nyuzipepala zimasindikizidwa pa pepala lotsika mtengo kwambiri la mtundu umenewu. Mukatsegula mtolo wa nyuzipepala za zaka 80, mumaona m'mphepete mwafiira ngati masamba ouma, ndipo potembenuza tsamba tizidutswa timagwera pa tebulo, tina tili ndi zilembo. Kutsegula kulikonse kumachotsako kanthu. Maikolofilimu, yomwe ndi filimu yokhala ndi zithunzi ting'onoting'ono ta masamba a nyuzipepala, ikapangidwa bwino ndi kusungidwa pozizira imayembekezeka kukhala zaka pafupifupi 500, ndipo kuiwerenga kumangofuna kuwala ndi galasi lokulitsa zilembo.

Ndili ndi katoni ya mapepala ndi zithunzi za malemu bambo anga. Kodi laibulale ingalandire?

Ikhoza kulandira ngati zikukhudza deralo, koma yambani mwakambirana ndi ogwira ntchito musanabweretse. Laibulale iliyonse ili ndi ndondomeko ya zimene imatolera, ndipo malo ndi ochepa. Zimene zimafunika kwambiri ndi zosapezeka kwina, monga makalata, madayale, mabuku a ndalama a bizinesi, zithunzi ndi zolemba za misonkhano. Mabuku wamba ndi nyuzipepala zodziwika za dziko lonse kawirikawiri zimakhalapo kale.

Pali zinthu ziwiri zimene timapempha opereka onse. Choyamba, musasanje mwatsopano ndipo musataye zimene mukuona ngati zachabechabe, pa chifukwa chimene tafotokoza pa funso la kasanjidwe. Chachiwiri, ndipo ichi n'chimene timadandaula nacho kuposa china chilichonse, tiuzeni mayina. Pafupifupi laibulale iliyonse ili ndi bokosi la zithunzi zokongola za anthu osadziwika. Chithunzi chimaonetsa amuna 11 atavala yunifolomu ya mpira, wapakati atanyamula chikho, kumbuyo kwake kuli chidindo chozimiririka cha wojambula ndi mawu akuti "timu yathu" basi. Amene analemba mawuwo ankawadziwa onse, ndipo sanaganize kuti lidzafika tsiku limene padzakhale palibe wodziwa kuti "yathu" ndi ya ndani. Musanapereke zithunzi, khalani pansi ndi wachibale wachikulire, mupatse nambala chithunzi chilichonse, ndipo mulembe pa pepala lapadera mayina kuchokera kumanzere kupita kumanja, malo ndi chaka, ngakhale chongoyerekeza.

Ndikapereka, umwini umakhala wa ndani? Nanga nkhani zachinsinsi za banja?

Pamasainidwa chikalata cha mgwirizano chonena ngati zinthuzo zaperekedwa kotheratu kapena zangosungitsidwa. Malaibulale ambiri amakonda mphatso yotheratu, chifukwa n'kovuta kuwononga ndalama posamalira zinthu zimene mwiniwake angadzazitenge tsiku lililonse.

Kukhala ndi pepala n'kosiyana ndi kukhala ndi ufulu wosindikiza mawu ake. Kalata imene bambo anu analandira ndi yanu ngati pepala, koma ufulu wa mawuwo ndi wa amene anailemba kapena olowa m'malo mwake, ndipo wa chithunzi nthawi zambiri ndi wa wojambula. Pangano la Berne la mu 1886, lomwe ndi mgwirizano wa mayiko woteteza ufulu wa olemba, monga linakonzedwera pambuyo pake, limateteza zolemba kwa zaka zosachepera 50 mlembi atamwalira, ndipo mayiko ambiri anawonjezera kufika pa 70. Ichi n'chifukwa chake mungaloledwe kuwerenga chinthu koma osaloledwa kuchisindikiza m'buku lanu popanda chilolezo.

Za zinsinsi, mgwirizano ukhoza kunena kuti fayilo yakutiyakuti itsekedwe kwa zaka zingapo, makamaka ngati ikukhudza matenda, milandu kapena anthu amene adakali moyo. Kutseka kwa kanthawi n'kwabwino kuposa kuotcha.

Sindikufuna kupereka. Ndingasamale bwanji zinthuzi kunyumba?

Adani aakulu a pepala ndi kutentha, chinyontho, kuwala ndi tizilombo monga chiswe ndi mphemvu. Malo osungira zakale amayesetsa kuti kutentha kusapitirire madigiri 20 kapena 21 a Celsius ndipo chinyontho cha mumpweya chikhale pakati pa 30 ndi 50 peresenti, chifukwa chikapitirira 65 peresenti nkhungu imayamba kumera. Kunyumba sikutheka kuyeza zonsezi, koma mukhoza kusankha chipinda chapakati, kutali ndi denga, khoma lakunja ndi mapaipi a madzi, ndipo bokosi likhale pamwamba osati pansi.

Chotsani mapini, masitepulo ndi malabala mosamala. Sitepulo ikachita dzimbiri imasiya mabala awiri ofiira amene amalowerera masamba angapo, ndipo labala limasungunuka n'kumamatira. Musamate pong'ambika ndi selotepi, popeza guluu wake amalowa m'pepala n'kusiya banga lachikasu. Koposa zonse musamatire chikalata chakale m'pulasitiki ndi makina otentha aja. Anthu amachita zimenezi ndi mtima wabwino, koma n'zosabwezeka, ndipo pepalalo limapitiriza kuwonongeka m'katimo. Chithunzi chokondedwa chijambulidwenso, kope ipachikidwe pa khoma, chenichenicho chikhale mumdima.

Mapepala anga anyowa. Nditani?

Chitanipo kanthu mwamsanga, chifukwa nkhungu ikhoza kuyamba pasanathe maola 48. Ngati ndi ochepa, ayaleni pa nsalu yoyera pamalo opita mphepo, osati padzuwa kapena pafupi ndi moto, ndipo zithunzi ziyang'ane m'mwamba popanda kukhudzana. Ngati ndi ambiri, akulungeni m'magulu ang'onoang'ono n'kuwaika mufiriji ya madzi oundana kuti kuwonongeka kuime mpaka mutapeza thandizo. Luso lambiri lopulumutsira mabuku onyowa linakula pambuyo pa kusefukira kwa mtsinje wa Arno ku Florence mu 1966, pomwe malaibulale a mumzindawo anadzaza matope.

Nanga makaseti, matepi a vidiyo ndi mafilimu?

Izi ndi zofunika changu kuposa mapepala. Kaseti ya mawu, imene kampani ya Philips inatulutsa mu 1963, ndi tepi ya vidiyo ya VHS ya mu 1976 zimafooka ndi zaka, koma vuto lalikulu ndi makina oziseweretsera. Kampani yomaliza yodziwika kupanga makina a VHS, Funai ya ku Japan, inasiya mu 2016, ndipo otsalawo akutha limodzi ndi amisiri odziwa kuwakonza. Filimu ikayamba kununkha ngati viniga ndiye kuti yayamba kuwola, ndipo iyenera kupatulidwa kwa zinzake chifukwa mpweya wake umafulumizitsa kuwonongeka kwa zoyandikana nazo. Mafilimu a mtundu wa nitrate, amene anapangidwa mpaka kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1950, amayaka moto msanga kwambiri, choncho ngati mukuwakayikira funsani katswiri musanawasunthe.

Bwanji osangosikana zonse, kuziika pa intaneti, n'kutaya mapepalawo?

Kusikana, komwe ndi kujambula chinthu ndi makina kuti chilowe pa kompyuta, kumathandiza kuti anthu ambiri aone chinthu popanda kuchigwira, koma sikulowa m'malo mwa chinthucho. Chitsanzo chodziwika ndi cha ku England. Buku la Domesday, lomwe ndi kaundula wa malo ndi eni ake m'dzikolo, linalembedwa pa zikopa mu 1086 ndipo likuwerengekabe mpaka lero. Mu 1986 bungwe la BBC linakonza lina lamakono pokumbukira zaka 900 za bukulo, n'kuliika pa zimbale za laser, koma pasanathe zaka 20 makompyuta otha kuziwerenga anali atasowa, moti panafunika ntchito yapadera yozipulumutsa.

Mafayilo a pa kompyuta amafuna kuwasamutsa nthawi ndi nthawi, ndipo lamulo limene ambiri amatsatira ndi kusunga makope 3, pa zipangizo za mitundu 2, kope imodzi ili kumalo ena. Komanso kusikana kwenikweniko ndi gawo laling'ono la ntchito. Nthawi yambiri imapita pa kulemba kuti chinthu chilichonse ndi chiyani ndi kufufuza za chilolezo, monga tanenera pa funso la umwini. Choncho chinthu chikapanda kuoneka pa intaneti sizitanthauza kuti laibulale ilibe.

Kodi mbiri yapakamwa ndi chiyani, ndipo ndingajambule ndekha mawu a agogo anga?

Ndi kujambula mawu a munthu akufotokoza zimene anaona ndi kudutsamo, mwadongosolo ndi chilolezo chake, n'cholinga choti zisungidwe. Anthu akhala akusunga mbiri pakamwa kuyambira kalekale, koma monga ntchito yolinganizidwa m'masukulu apamwamba imawerengedwa kuyambira mu 1948, pamene Allan Nevins anakhazikitsa ofesi yake pa yunivesite ya Columbia ku New York. Kufunika kwake n'kwakuti mapepala amakondera amene ankadziwa kulemba ndi amene anali ndi maudindo. Ogwira ntchito zamanja, amayi ambiri ndi anthu obwera kuchokera kwina amangooneka m'zolemba ngati manambala, kapena saonekamo n'komwe.

Mukhoza kujambula nokha, ndipo foni yamakono ndi yokwanira ngati m'chipinda muli bata. Zimitsani wailesi ndi fani, ikani foniyo pa nsalu pafupi ndi wolankhula, ndipo yambani ndi kutchula tsiku, malo ndi mayina a nonse awiri. Funsani mafunso otsegula monga "tafotokozani mmene tsiku lanu loyamba pa ntchito linayendera", osati ofuna yankho la inde kapena ayi. Chovuta kwambiri kwa ofunsa atsopano ndi kupirira chete. Wokalamba akaima pakati pa nkhani, maso ali pansi, ofunsa ambiri amathamangira funso lina, pamene akanadikira masekondi ochepa akanamva zimene munthuyo sanauzepo aliyense. Ola limodzi kapena ola ndi theka n'lokwanira pa tsiku, ndipo kubweranso kachiwiri kumapindulitsa chifukwa zokumbukira zimadzuka usiku wotsatira. Zithunzi zakale ndi chida chabwino chotsegulira nkhani, ndipo pomwepo mumapeza mayina aja tanena.

Laibulale singalandire mawuwo popanda chikalata cha chilolezo chosainidwa ndi wolankhula, chonena kumene mawu ake angagwiritsidwe ntchito.

Ndi mapulogalamu otani amene gawoli limakonzera anthu?

Zimatengera antchito ndi ndalama zimene zilipo. Odziwika kwambiri ndi masiku osikana, pomwe anthu amabwera ndi zithunzi zawo, zimasikanidwa iwo akuona, amafotokoza za chilichonse, kenako amabwerera nazo kwawo pamodzi ndi kope ya pa kompyuta. Njira imeneyi imafikira mabanja amene sangalole kusiyana ndi zithunzi zawo. Palinso misonkhano yozindikira nkhope, pomwe zithunzi zosadziwika zimaonetsedwa pa khoma ndipo anthu achikulire amatchula amene akuwadziwa, nthawi zina motsutsana kwambiri, zomwe wolemba ayenera kulemba zonse pamodzi ndi dzina la wonena.

Ena ndi maphunziro a kufufuza mibadwo, zionetsero, maulendo oyenda pansi oona nyumba ndi misewu yakale mapu akale ali m'manja, ndi makalasi a ana asukulu amene amapatsidwa mapu awiri a zaka zosiyana kuti apeze zimene zasintha. Malaibulale ambiri amagwirizanitsa zochitikazi ndi 9 Juni, tsiku lokumbukira zosungidwa zakale padziko lonse, lomwe ndi tsiku limene bungwe la padziko lonse la osunga zolemba zakale, International Council on Archives, linakhazikitsidwa mu 1948, komanso 27 Okutobala, tsiku la UNESCO la zosungidwa zomvera ndi zoonera.

Kodi ndingathandize ngati wongodzipereka?

Inde, ndipo ntchito yofunika kwambiri ndi yosaoneka: kulemba mndandanda wa mayina opezeka m'nyuzipepala, kutayipa zolembedwa pamanja zimene kompyuta imalephera kuwerenga, ndi kulemba mawu a m'matepi, ntchito imene imatenga maola angapo pa ola limodzi la tepi. Odziwa zilankhulo zingapo za m'deralo ndi amene anakhalamo nthawi yaitali amafunika mwapadera.

Zimene ndapeza m'zolemba zikusiyana ndi zimene banja lathu limanena. Zoona ndi ziti?

Musafulumire kukhulupirira pepala chifukwa chakuti ndi pepala. Funsani kuti analemba ndani, patapita nthawi yaitali bwanji chichitikireni nkhaniyo, ndipo ankafuna chiyani polemba. Chaka chobadwa cholembedwa pa chikalata cha imfa chinanenedwa ndi wachibale wachisoni amene mwina ankangoyerekeza, pamene kaundula wolembedwa sabata imene mwanayo anabadwa ndi wodalirika kwambiri. Anthu ankasinthanso zaka zawo mwadala kuti alowe sukulu, ntchito kapena usilikali. Nkhani za m'banja nazo zimasokoneza zaka ndi kuphatikiza anthu awiri a dzina limodzi, koma zimasunga bwino zifukwa, monga chimene chinachititsa banja kusamuka, zomwe kalaliki sakanalemba. Polemba zotsatira za kafukufuku wanu, ikani mbali zonse ziwiri, tchulani kumene chilichonse chachokera ndi nambala ya bokosi kapena tepi, ndipo perekani kope imodzi ku laibulale kuti iikidwe m'fayilo ya banjalo.